Ulendo wa ku Chilumba, Kupita Bwino ndi Kubwerako Bwino

Dziko lathu silifika kunyanja yamchere, koma zilumba tili nazo. Pa Nyanja ya Malawi pali Likoma ndi Chizumulu, zilumba ziwiri zimene pamodzi zimapanga boma laling'ono kwambiri mwa maboma 28 a dziko lino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kumeneko kuli anthu opitirira 14,000. Ku Mangochi, moyandikana ndi mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, kuli Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Ku Salima kuli zilumba za Maleri, ndipo pa nyanja ya Chilwa pali Chisi, kumene anthu amapita pa boti kuchokera pa doko la Kachulu ku Zomba.

Kale kumalo amenewa kunkapita asodzi, azungu okaona dziko, ndi eni ake obwerera kwawo. Lero zinthu zasintha. Makwaya a m'mipingo ya ku Misesa, Bangwe ndi Ndirande mu Blantyre amasonkherana chaka chonse kuti akaone nyanja. Amayi a banki mkhonde akagawana ndalama mu Disembala amapanga hayala minibasi. Achinyamata apantchito amasunga pang'onopang'ono kuti akakwere sitima ya Ilala mpaka ku Likoma, ena mpaka amafika ku Zanzibar ndi ku Mauritius. Zimenezi n'zokondweretsa, chifukwa dziko ndi lathu, ndipo sikoyenera kuti kukongola kwake tizingokumva kwa alendo.

Komabe chilumba chili ndi khalidwe lake. M'tauni mwana akadwala usiku mumaitana wa kabaza, posakhalitsa mwafika pachipatala cha Limbe kapena cha Zingwangwa. Ndalama zikakutherani mumayenda wapansi n'kukafika kunyumba. Pachilumba msewu ndi madzi, ndipo madziwo sayendera nthawi yanu. Chimene mwaiwala kumtunda mwachiiwala basi, ndipo thandizo limene m'tauni limafika mu ola limodzi kumeneko likhoza kufika mawa. N'chifukwa chake chitetezo cha mlendo wa pachilumba chimakonzedwa asanakwere boti, ndipo chotsalacho chimadalira kumvera anthu amene anabadwira pamadzipo.

Nyanja ili ndi nyengo zake

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita pafupifupi 580, ndipo chakumpoto imazama mpaka mamita 700. Madzi ochuluka chotere mphepo ikawapeza sachita masewera.

Mphepo yoopedwa kwambiri ndi mwera, umene umachokera kummwera ndipo umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kuno ku Blantyre nyengo imeneyi timaidziwa ndi chiperoni ndi majuzi, koma panyanja mwera umathamanga motsata kutalika kwa nyanjayo popanda phiri loutchinga, ndiye mafunde amanka nakula akamapita kumpoto. Ukayamba ukhoza kuwomba masiku angapo osapuma. M'nyengo ya mvula kumakhala mpoto, ndipo vuto lake ndi kudzidzimutsa: nyanja imene m'mawa inali zii, masana kumwamba kwada bii, mphezi zayamba, mafunde adzuka. Palinso vuma, wochokera kum'mawa.

Mbiri ya nyanjayi ili ndi maliro okwanira kutiphunzitsa. Mu 1895 Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ku London kukhala bishopu wa Likoma, anamira pobwerera ku ntchito yake boti lawo litakumana ndi namondwe. Manda ake ali ku Nkhotakota. Sanali mlendo panyanjayi, anali atakhala zaka zambiri ku Likoma. Mu Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano ndithu, inagubuduzika ndi mphepo chakumpoto kwa nyanja, kufupi ndi kumene lero kuli Chitimba, ndipo anthu 145 anafera momwemo. Ngati mphepo inagwetsa sitima yachitsulo, boti lamatabwa la injini imodzi silingalimbane nayo.

Nthambi yoona zanyengo, imene likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, imalengeza pawailesi mwera ukamabwera. Mverani chenjezolo masiku angapo musananyamuke. Mukafika pagombe yang'ananinso zimene asodzi akuchita. Mukaona mabwato onse akokeredwa pamchenga, eni ake ali pansi pa mtengo kusoka maukonde pa nthawi imene amayenera kukhala pamadzi, afunseni chifukwa chake. Safunsa anadya phula. Msodzi akakuuzani kuti "lero nyanja yaipa," ulendo wa tsikulo wathera pomwepo, ngakhale mwini boti wina atalonjeza kuti akuwolotsani.

Ambiri amene amakwera boti nyanja itaipa amatero chifukwa cha changu: Lolemba akufunika kuntchito, minibasi ya hayala ikudikira, ndalama zogonera zatha. Choncho pokonza ulendo wa pachilumba ikanipo masiku awiri apadera ndi ndalama zake. Munthu amene ali ndi pogona ndi chakudya cha mawa savutika kunena kuti "tidikire."

Boti loti mukwere ndi loti mulisiye

Chizolowezi cha m'minibasi, chopanikizana anayianayi kondakitala n'kumati malo alipo, musapite nacho pamadzi. Minibasi yodzaza ikafa mumatsika n'kuima m'mbali mwa msewu, koma pakati pa nyanja palibe potsikira.

Musanalipire, liyang'anitsitseni botilo. Onani kuti m'mbali mwake mwatsala potalika bwanji pamwamba pa madzi anthu ndi katundu atakwera. Ngati mungathe kukhudza madzi ndi dzanja muli chikhalire osawerama, boti ladzaza mopyola. Onani pansi: madzi ochepa amakhalamo m'boti lililonse lamatabwa, koma ngati mnyamata akukapa madzi osalekeza boti lisananyamuke n'komwe, lisiyeni. Funsani ngati muli mafuta apadera ndi nkhafi zopalasira injini ikazima. Woyendetsa akamamveka fungo la mowa, musakambirane naye zambiri. Pewani kuwoloka usiku pa boti laling'ono.

Chachikulu pa zonse ndi jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, imene ambiri amangoti life jacket. Ivaleni ndi kumanga zingwe zake boti lisanachoke pagombe, chifukwa ngozi ikachitika nthawi yovala sipezeka. Jekete ya munthu wamkulu mwana imamuvuka akagwera m'madzi, ndiye ngati muli ndi ana funsiranitu zazing'ono. Mwini boti amene alibe majekete asakunyengerereni ndi mtengo wotsika.

Mu Epulo 2017 boti lodzaza ndi akhristu ochokera ku mapemphero a Pasaka linagubuduzika kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, ndipo anthu anataya miyoyo. Mu Sepitembala 2011 sitima ya Spice Islander, imene inanyamula anthu ndi katundu mopyola muyezo, inamira usiku pakati pa zilumba za Unguja ndi Pemba ku Zanzibar, n'kupha anthu mazanamazana. Pa ngozi zotere anthu amakhala ataona ndi maso awo kuti chombo chadzaza, koma aliyense amachita manyazi kutsika yekha. Musachite manyazi. Tsikani, ndipo nenani mokweza chifukwa chimene mwatsikira.

Ngati boti lagubuduzika koma likuyandamabe, ligwiritsitseni. Gombe limaoneka pafupi kuposa mmene liliri, ndipo opulumutsa amaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde.

Kukwera ndi kutsika Ilala

Ambiri opita ku Likoma ndi Chizumulu amadalira sitima ya Ilala. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa n'kudzalumikizidwa kuno, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Kwa zaka zambiri yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu kupita kumpoto mpaka ku Chilumba m'boma la Karonga, n'kubwerera. Ndondomekoyi imasintha sitima ikapita kokonzedwa kapena nyanja ikaipa, choncho funsani ku ofesi yake musanachoke ku Blantyre. Wochokera kuno angathe kukakwerera ku Monkey Bay kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, kapena kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kudzera ku Salima ndi Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, kumene Likoma ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70.

Nthawi yofunika kusamala kwambiri ndi yokwera ndi kutsika. M'madoko opanda pokochezera, sitima imaima patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Nthawi zina zimenezi zimachitika pakati pa usiku. Pakhomo pamakhala chipwirikiti: matumba a chimanga, simenti, malata, matiresi, mitanga ya usipa, mayi wobereka mwana, aliyense akufuna kukhala woyamba. Boti lili m'munsimo likukwera ndi kutsika ndi mafunde, makwerero ali onyowa. Likafika kugombe mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno, katundu ali pamutu.

Musalimbirane boti loyamba, chifukwa limabwereranso. Manja onse awiri akhale opanda kanthu potsika makwerero. Chikwama chikhale kumsana kapena mupatsire amene watsika kale. Mwana apatsiridwe m'manja mwa munthu wamkulu amene wakhazikika kale m'boti. Foni, ndalama, chiphaso cha unzika ndi mankhwala zikulungeni m'jumbo ziwiri n'kuziika m'thumba la pachifuwa. Tochi yaing'ono ikhale pafupi. Pamwamba pa sitima usiku kumazizira kwambiri m'miyezi ya mwera, ndiye musaiwale bulangete.

Kusambira

Chaka ndi chaka, pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano, apolisi a ku Mangochi ndi Salima amachenjeza za kumira, ndipo kawirikawiri omirawo amakhala alendo ochokera kumtunda. Zimachitika motere: minibasi yafika masana dzuwa lili pamutu, akuluakulu atanganidwa kutsitsa mapoto, mbaula ndi zokuzira mawu, ana athamangira kale kumadzi. Mayi akuganiza kuti mwana ali ndi azakhali ake, azakhaliwo akuganiza kuti ali ndi mayi ake. Pofika nthawi ya chakudya mbale imodzi yasowa mwini.

Munthu akamamira sakuwa kapena kukupiza manja monga timaonera m'mafilimu. Pakamwa pake pamakhala potanganidwa kufuna mpweya, ndipo amalowa pansi mwakachetechete anzake akuseka pafupi pomwepo. Choncho gulu lililonse lisankhe munthu wamkulu mmodzi kapena awiri amene ntchito yawo ndi kuyang'ana ana basi, osagwira foni, osaphika, osamwa mowa, ndipo azisinthana. Awerengeni ana polowa m'madzi ndi potuluka.

Kusambira padamu kapena pamtsinje wa kumudzi sikutanthauza kuti nyanja mwaidziwa. M'malo ambiri mchenga umatsetsereka pang'onopang'ono kenaka n'kuzama mwadzidzidzi. Kuzilumba za miyala monga Mumbo ndi Domwe madzi ndi oyera mbee moti pansi pamaoneka pafupi pamene pali pakuya. Musadumphire pamwala musanafunse. Mowa ndi madzi sizigwirizana: womwa amadziona ngati katswiri pamene miyendo yake yafooka. Chubu cha galimoto chimene ana amakonda chimatengedwa ndi mphepo kupita pakati mofulumira kwambiri.

Mukaona wina akumira ndipo inu simunaphunzire kupulumutsa anthu, musadziponye m'madzi, chifukwa womira amakakamira aliyense womuyandikira, maliro n'kukhala awiri. Kuwani kuti asodzi amve. Muponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chingwe, kapena mutambasulireni nsungwi yaitali. Akatulutsidwa m'madzi, ngakhale aoneke kuti ali bwino, apite kuchipatala.

Ng'ona ndi mvuu zimakonda mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, ndipo zimayendayenda kwambiri madzulo, usiku ndi mbandakucha. Eni mudzi amadziwa pamene zaonekera posachedwa. Afunseni posambira pabwino musanavule malaya.

Matenda obwera nawo kunyumba

Pali ngozi zina zimene sizioneka tsiku lomwelo. Yoyamba ndi likodzo. Munthu wodwala likodzo akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. M'nkhonomo tizilombo timachulukana, kenaka timatuluka n'kumasambira, ndipo timaboola khungu la aliyense amene walowa m'madzimo, kaya akusamba, akuchapa kapena akungoviika miyendo. Malo oopsa kwambiri ndi osaya, a udzu ndi mabango, oyandikana ndi midzi. Koma ofufuza anapeza ku Cape Maclear kuti mtundu wina wa nkhono zimenezi umakhala pamchenga poyera, ndipo unachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyezo. Choncho kuyera kwa madzi si umboni woti mulibe likodzo.

Chizindikiro chodziwika ndi magazi mumkodzo, koma ambiri amakhala nalo miyezi osaona kanthu, uku likuwononga chikhodzodzo, matumbo, chiwindi kapena ziwalo zoberekera. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa munthu. Amapha nyongolotsi zokhwima, ndiye kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza kwenikweni. Pakatha masabata 6 mpaka 8 chibwerereni, pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja.

Yachiwiri ndi malungo. Blantyre ali pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,000, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500, kotentha, kumene udzudzu umaswana chaka chonse. Munthu wokulira m'tauni, amene salumidwa kawirikawiri ndi udzudzu wa malungo, thupi lake silinazolowere, ndipo akadwala amadwalitsa. Nyamulani neti yanu yonyikidwa m'mankhwala, musadalire kuti mukaipeza kogona. Madzulo valani zofika m'manja ndi m'miyendo. Malungo amayamba pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi imene mwabwerera kale ku Machinjiri kapena ku Chilomoni ndipo za ulendo mwaiwala. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo, makamaka ngati ndi mwana wosakwana zaka 5 kapena mayi woyembekezera. Musagule mankhwala a LA pagolosale musanayezetse.

Yachitatu ndi kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unagwira anthu opitirira 58,000 ndi kupha opitirira 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri. Pa nyanja ya Chilwa kolera amabuka kawirikawiri pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi, chifukwa madzi akumwa ndi chimbudzi ndi amodzi omwewo. Madzi a m'nyanja musamwe osawiritsa kapena osathira klorini monga WaterGuard. Chambo, kampango kapena usipa idyani zikadali zamoto. Mapaketi angapo a Thanzi ORS salemera, koma akhoza kusunga moyo wa mwana usiku umene boti kulibe.

Ku Likoma kuli chipatala cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, koma matenda aakulu amatumizidwa kumtunda, ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP, a mphumu, a khunyu kapena ma ARV, atenge okwanira ulendo wonse ndi sabata ina yapadera, pamodzi ndi buku lawo lakuchipatala. Mayi amene watsala pang'ono kuchira aimike kaye ulendo wotere. Dzuwa la panyanja limawotcha kawiri, kuchokera kumwamba ndi kunyezimira pamadzi, ndiye chipewa ndi madzi akumwa zisasowe; abale athu achialubino afunika mafuta oteteza khungu, zovala zazitali ndi mthunzi. Ndipo kachilombo ka HIV sikapita kutchuthi: amene sangathe kudziletsa anyamule makondomu kuchokera kunyumba.

Ndalama, mapepala ndi malire

Pachilumba musayembekeze kupeza makina otapira ndalama paliponse. Tengani ndalama zogwirika, zina zikhale mu Airtel Money kapena Mpamba, ndipo musaziike zonse malo amodzi. Chenjerani ndi anthu a pa Facebook ndi WhatsApp olengeza maulendo otchipa n'kumafuna kuti mutumiziretu ndalama zonse. Imbani foni kumalo ogonawo mumve ngati akumudziwa munthuyo. Pa boti la hayala gwirizanani mtengo wopita ndi wobwerera musananyamuke, ndipo gawo lomaliza mulipire mutabwerako. Kunyumba siyani mawu: mukupita kuti, mukwera chiyani, mubwera liti.

Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka ya Malawi, koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Zinakhala mbali ya dziko lino chifukwa cha amishoni a UMCA amene anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880. Mukaima kum'mawa kwa chilumbachi mapiri a Mozambique ndi tauni ya Cobue zimaoneka pafupi, ndipo maboti amawoloka tsiku ndi tsiku. Kuyandikira kumeneku kusakupusitseni. Kutsidyako ndi dziko lina, ndipo mlendo ayenera kudzera kwa a zolowa ndi kutuluka ndi mapepala oyenera.

Zilumba za ku Cape Maclear ndi za Maleri zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, makamaka chifukwa cha timbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala. Kumeneko lipirani polowera, musaphe nsomba, musadule mitengo, ndipo mabotolo ndi majumbo anu mubwerere nawo.

Kwa eni ake

Pachilumba anthu amadziwana onse, ndipo mlendo amadziwika tsiku lomwe wafika. Ngati mwafika mwaulemu, anthu omwewo ndiwo alonda anu: adzakuuzani boti lodalirika, adzakubwezerani mwana wosochera, adzakuperekezani kuchipatala usiku. Ngati mwafika ndi matama a m'tauni, mudzayenda nokha.

Perekani moni musanafunse njira. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja amuna ali ndi doko lawo losambira, amayi ali ndi lawo. Funsani kuti musalowe kolakwika. Zovala zosambira zithere pagombe, pamsika wa Mbamba ku Likoma kapena m'mudzi mangani chitenje kapena valani malaya. Musajambule munthu, makamaka amene akusamba kapena ana a eni, musanapemphe. Musaponde maukonde oyanikidwa kapena kutola usipa pathandala ngati kuti ulibe mwini. Tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela pa Likoma, chimene anayamba kumanga mu 1903 n'kuchipatula mu 1911, ndi nyumba yopemphereramo mpaka lero. Lowanimo monga mmene mumalowera m'tchalitchi cha kwanu. Dothi la Likoma ndi la miyala ndi mchenga, chimanga chambiri ndi katundu wa m'golosale zimabwera pa sitima, choncho zinthu zikakwererako mtengo musafulumire kunena kuti akukuberani. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Zilumba za kunyanja yamchere

Mauritius, Seychelles, Madagascar ndi Comoros ndi maiko a pazilumba amene tili nawo limodzi m'bungwe la SADC, ndipo Zanzibar ndi mbali ya Tanzania. Zonse zimene tanenazi zimagwiranso ntchito kumeneko, koma nyanja yamchere ili ndi zina zimene yathu ilibe.

Madzi ake amaphwa ndi kudzala kawiri pa tsiku. Kum'mawa kwa Zanzibar amathawa kutali kwambiri, mlendo n'kuyenda pamchenga kuwatsatira, osadziwa kuti pobwera abwera mofulumira n'kumutsekera njira. Funsani nthawi imene madzi amabwerera. Palinso malo amene madzi obwerera kuchokera kugombe amathamanga ngati mtsinje n'kukokera munthu pakati. Akakugwirani musalimbane nawo molunjika kugombe, mudzatopa; yandamani, sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatulukamo, ndipo kwezani dzanja kuti akuoneni. Pamene aika mbendera yofiira musalowe. M'miyala ya pansi pa madzi muli tinyama taminga tobaya, choncho valani nsapato. Likodzo m'madzi amchere mulibe, koma kuli matenda a dengue ndi chikungunya, ofalitsidwa ndi udzudzu woluma masana, umene neti ya usiku yokha siingauletse.

Nyengo ya anamondwe kumeneko ndi kuyambira Novembala mpaka Epulo. Wa ku Misesa, Chilobwe kapena Manja safunika kumufotokozera kuti namondwe n'chiyani. Freddy, amene anagumula phiri la Soche mu Malichi 2023 ndipo m'dziko lino anapha kapena kusowetsa anthu opitirira 1,000, anali atadutsa kale kumpoto kwa Mauritius n'kugunda Madagascar mu Febuluwale. M'miyezi imeneyi ndege ndi sitima zimaimitsidwa mwadzidzidzi, ndiye mverani machenjezo a boma la kumeneko ndipo khalani ndi ndalama za masiku owonjezera.

Chipatala cha kunja n'chodula kwa mlendo, choncho inshulansi ya paulendo si yotaya ndalama. Jambulani pasipoti yanu, chithunzi china chikhale m'foni, china kwa m'bale kunyumba. Musanyamulire munthu phukusi limene simunalione mkati, ngakhale akhale mnzanu, chifukwa malamulo a mankhwala ozunguza bongo m'maiko amenewa ndi okhwima ndipo womangidwa ndi amene wapezeka nalo. Ku Zanzibar ndi ku Comoros anthu ambiri ndi Asilamu. Valani modzilemekeza m'tauni, ndipo m'mwezi wa Ramadan musadye kapena kumwa pamsewu masana.

Mawu kwa otsogolera ulendo

Maulendo athu ambiri ndi apagulu, ndipo gulu lililonse limakhala ndi wapampando, msungichuma ndi woona za chakudya. Onjezanipo munthu mmodzi woona za chitetezo, ndipo mugwirizane muli kunyumba kuti iye akati "boti ili sitikwera" kapena "lero sitiwoloka," mawu ake ndi omaliza. Akhale ndi mndandanda wa maina onse ndi manambala a abale awo, adziwe amene satha kusambira ndi amene ali pa mankhwala, awerenge anthu pokwera ndi potsika.

Pitani mukaone Likoma, Chizumulu, Mumbo ndi Chisi, mupite ndi ana anu kuti adziwe dziko lawo. Koma inu amene mwatenga ana a eni ndi makolo a eni pa ulendo, dziwani kuti udindo wanu sutha pamene mwafika pachilumba. Umatha pamene munthu womaliza pa mndandanda wanu walowa m'nyumba mwake ali bwino.